Misoko Itatu M'jekete ya Achimwene

Achimwene anga, Che Kasimu, anafika pakhonde la Shehe Imedi Lachiwiri m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha m'mutu. Ine ndinali pambuyo pawo, mwana kumsana, jekete yawo ya suti m'manja itakutidwa ndi pulasitiki. Anati ndinyamule ine chifukwa iwo akudikira foni ya ku Joni. Foniyo sinalire njira yonse. Zoona zake zinali zakuti kamtunda kochoka kwathu kukafika pamsika wa Ntaja kankawathera mpweya, ndipo tinaima kawiri, iwo akunamizira kumanga nsapato.

"Assalamu alaikum, Shehe. Ndabwera nayonso ntchito yanu ija. Sinakhale bwino."

Shehe anachotsa phazi pamakina n'kuimirira, monga ankachitira ndi aliyense, ngakhale munthu wongobweretsa kabudula wong'ambika.

"Wa alaikum salaam, Che Kasimu. Khalani pansi kaye, mupume. Abiti Twaha, takulandirani. Wamng'onoyo mano ayamba kutuluka?"

Ndinagwada n'kuyankha kuti awiri atuluka. Achimwene sanakhale pansi.

Dzina lakuti Kasimu si lawo lenileni. Mwini nkhani anandilola kuti ndiilembe bola ndisinthe maina, ndiye ndasintha onse kupatula la Shehe, poti iwo anatisiya kale, Allah awachitire chifundo.

Shehe Imedi anali telala. Ntchitoyo anaiphunzira ku Limbe, m'sitolo ya mmwenye, komwe anakhala zaka makumi awiri akusoka masuti a mabwana a m'maofesi. Za chipembedzo anaziphunzira asanagwire n'komwe singano, ndipo anthu ankachoka kutali, ku Liwonde ndi ku Nselema, kudzawafunsa za chuma cha masiye, za kutha kwa mabanja ndi za kusala. Ankayankha ali pamakina pomwepo, tepi m'khosi, nthawi zina timapini tili kukamwa. Analibe ofesi. Anali ndi khonde la sitolo yotsekedwa, benchi limodzi, simbi yamakala ndi galasi lalitali losweka pakona. Ife amayi ankatiphunzitsa Loweruka, ndipo zochepa zimene ndikudziwa ndinazimva kwa iwo.

Achimwene anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwera mu Juni ndi zikwama zitatu, ndipo m'chikwama chimodzi munali suti imeneyi, yakuda, ya timizere totuwa. Pa chithunzi chimene anatitumizira atangoigula, jekete inkaoneka ngati anabadwa nayo. Anali munthu wa chifuwa chachikulu, wa khosi ngati la nkhunzi, wolankhula mokweza. Lamulungu la sabata imeneyo ankamanga nikah, ukwati wachisilamu, ndi Asiyatu, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu n'zinayi wa m'mudzi woyandikana nafe. Mpunga unali utagulidwa, mbuzi ziwiri zili pachingwe. Wodzamangitsa nikah anali Shehe Imedi omwewo.

Panali china chimene ndinkachidziwa ine ndekha. Zovala za achimwene ndinkachapa ndine, poti amayi athu manja anafooka. Ndinkaona lamba akubooledwa mabowo atsopano ndi msomali. Ndinkaona zofunda zikudzuka zonyowa ndi thukuta ngakhale m'kuzizira kwa Julayi. Tsiku lina ndikukutumula chikwama chawo kuti ndichiyanike, munagwa kabuku ka kuchipatala cha ku Joni ndi botolo la mankhwala. Chizungu sindichidziwa bwino, koma botolo limenelo ndimalidziwa, kusikelo timaliona. Anali ma ARV. Botololo linali lodzadza, ndipo deti lake linali la chaka chatha. Nditawafunsa, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ukadzatsegula pakamwa, ine ndilibe mlongo." Ndiye ndinatseka. Ndinkadziuza kuti mwina akamwa mawa, mwina amuuza mawa. Asiyatu ankabwera kudzandithandiza kupeta mpunga wa ukwati wake womwe, akuseka, ine maso ali m'lichero.

"Taonani nokha," achimwene anatero, akuvala jekete patsogolo pa galasi. "Katatu konse ndabwera nayo kuti muibweze. Katatu! Kumsanaku kwatupa ngati ndabisako nkhuku yakuba. Mapewa akulendewera. Manjawa akufika m'zala ngati ndabwereka kwa amalume. Anthu amati ndinu telala wa ku Limbe. Kodi ku Limbe amasoka chonchi?"

"Mwanena zoona, sinakhale bwino," Shehe anatero. "Tandilolani ndione."

Anawazungulira pang'onopang'ono, osakhudza. Kenako anati, "Tayandikirani khomali, mutsamire ndi phewa pang'ono."

Achimwene anatsamira. Phewa la jekete linagunda khoma n'kupindika, mkono wawo usanafike n'komwe.

"Mwaona? Jekete imakhala pamapewa, Che Kasimu. Pamene fupa la phewa lathera, msoko nawo uthere pomwepo. Apa msoko wapitirira ndi zala zitatu. N'chifukwa chake manja atalika. Ine sindinawatalikitse, atsika okha potsatira phewa. Amayenera kuthera pakafupa aka ka padzanja, shati izionekera pang'ono."

Anamanga batani lapamwamba, n'kulowetsa chibakera chawo pakati pa batanilo ndi mimba ya achimwene. Chinalowa. Analowetsa chachiwiri, nachonso chinalowa.

"Pamafunika chimodzi, chongokwanira." Anagwira kolala kumbuyo kwa khosi, pomwe panali mpata woti n'kuponyamo ndimu. "Kolala imayenera kugona pashati, osasiya mpata. M'chiunomu telala amatha kubweza mmene angafunire. Manja amatha kufupikitsa. Koma mapewa ndiye nyumba yake ya jekete, ukawasuntha wagwetsa zonse. Jekete iyi ndi yabwino kwambiri, amene anaisoka ankadziwa ntchito. Kungoti anasokera munthu wa chifuwa cha mainchesi 44."

"Ndine yemweyo," achimwene anatero.

Shehe anachotsa tepi m'khosi, anati "Bismillah" chapansipansi, n'kuizunguliza pachifuwa cha achimwene, mkati mwa jekete. Anayang'ana nambala n'kuiphimba ndi chala chachikulu. Ine ndinali nditaiona kale. Inali 36.

"Pali njira yachidule," anatero. "Lero n'tsiku la msika, a kaunjika atsegula mabelo. Tikhoza kupita limodzi ndikakusankhireni jekete ya msinkhu wanu wa lero. Ine ndiichapa, ndiisita, ndisintha mabatani. Jekete yaing'ono yokwana imamutchena munthu kuposa yaikulu yolendewera."

Achimwene anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Kaunjika? Ine? Chithunzi cha suti iyi chili pakhoma kunyumba kwa akuchikazi, Shehe. Mudzi wonse ukuidikira. Komanso jekete yokwanayo ndiye idzaonetsa poyera mmene ndachepera. Musandichedwetse ndi tepi, ndikuuzani chochita. Mudule nsalu yonse yotsalayo, kumsana kusalale. M'mapewamu muikemo siponji yokhuthala, ziwiri mbali iliyonse. Pachifuwapa muwonjezere nsalu yolimba mkati, pazioneka podzadza. Ndaona matelala a ku Joni akuchita. Lamulungu ndikufuna anthu aone Kasimu wa pachithunzi uja, osati uyu."

"Zonsezo zimatheka," Shehe anatero. "Ndinkawachitira mabwana ku Limbe. Koma tisanafike uko, mundilole nditsegule mkati ndikuonetseni chinthu."

Achimwene anavula jekete n'kuiponya pathebulo. Shehe anaitembenuza, anatenga lezala, n'kuyamba kumasula nsalu yoterera yamkati, ulusi umodziumodzi. Ali mkati momasula kunafika mayi wina ndi siketi yoduka zipi. Shehe anaphimba jekete ija ndi kansalu, anamulonjera mayiyo mpaka ana ake onse, n'kumupempha kuti abwere madzulo. Atachoka ndiye anavundukula.

Ndinaona misoko itatu yoyendera limodzi kuchoka m'khwapa kutsika m'chiuno, uliwonse uli mkati mwa unzake. Nsalu yonse imene ankabweza inali momwemo, yopindidwa bwinobwino, yositidwa, yosadulidwa ngakhale kachidutswa.

"Nkhuku yanu ija ndi iyi," Shehe anatero. Anaika chala pamsoko woyamba. "Uwu ndi wa mu Juni, mutangofika. Munandiuza kuti ndi chakudya cha m'basi. Uwu ndi wa mu Ogasiti. Munati ndi malungo. Uwu ndi wa mwezi wathawu. Tsiku limenelo simunanene chilichonse, nanenso ndinakhala chete, ndipo ndikupempha Allah andikhululukire, chifukwa ndinayenera kufunsa. Lero mukufuna wachinayi."

Anatembenukira kwa ine. "Abiti Twaha, mwina mukagule kaye zimene munadzera kumsika."

Ndinayamba kudzuka, koma achimwene anati, "Msiyeni. Akudziwa kale ameneyo. Palibe chimene chimamudutsa, kuyambira ali mwana."

Ndinakhalanso pansi. Nawonso achimwene anakhala pabenchi tsopano, n'kupingasa miyendo ngati munthu wodzagula khonde lonselo.

"Chabwino. Inu ndinu Shehe, ndiye ndikufunseni za chipembedzo, osati za ulusi. Ine ku Joni sindinkangogulitsa m'sitolo ayi. Ndinkaswali m'mizikiti ikuluikulu, ya makapeti oti phazi limamira. Ndamvera maulana, akuluakulu a chipembedzo ophunzira kunja, oti inu simunawaonepo. Iwo amati Allah amakonda kubisa manyazi a kapolo wake, ndipo munthu amene Allah wamubisira asadziulule yekha. Ndi zoona kapena ndi bodza?"

"Ndi zoona."

"Nanga chovala ntchito yake n'chiyani? Si kubisa thupi?"

"Ndi kubisa thupi."

"Ndiye mukukaniranji? Allah wandibisira, ine ndadzibisira, mlongo wangayu watseka pakamwa. Mwatsala inu nokha ndi siponji yanu. Kodi telala wa pakhonde angaulule chimene Mwini zonse wabisa?"

Shehe anakhala pampando wawo wa pamakina, manja pamaondo. Mawu akuti telala wa pakhonde sanawasinthe nkhope.

"Maulana amenewo ndi ophunzira kuposa ine, ndipo anakuuzani zoona," anatero. "Njira imene matendawa anakupezerani, imeneyo ndi ya inu ndi Allah. Ine sindikufunsani, ndipo wina aliyense asakufunseni. Ena anawapeza m'banja, ena anabadwa nawo, ena analakwa n'kulapa. Kudwala pakokha si manyazi. Zimenezo bisani, nanenso ndibisa. Koma ndikufunseni, Che Kasimu. Jekete iyi, Lamulungu ukwati ukatha, mudzagona nayo?"

Shehe anadziyankha okha.

"Mudzaivula. Akuchikazi onse adzabwerera kwawo atakhuta, ataona chifuwa chodzadza, ndipo palibe chimene adzataye. Adzatsala mmodzi. Chimene mukubisachi chikanakhala chokhazikika m'thupi mwanu mokha, bwenzi ndikuti n'chanu. Koma kuyambira tsiku limenelo chidzalowa m'thupi mwa mwana wa eni, ndi mwa ana amene adzabereke. Cholowa m'thupi mwake n'chakenso. Kumubisira munthu chinthu chake si kubisa manyazi ayi. Ndi chinyengo."

"Mawu amenewo ndi aakulu, Shehe."

"Ndi aakuludi, ndipo sindinawanene mosangalala. Pa nikah ndimafunsa ngati mtsikana wavomera. Asiyatu adzati wavomera. Koma adzakhala atavomera ndani? Wa pachithunzi uja. Inuyo sanakuoneni. Ndiye ine ndidzakhala nditamangitsa ukwati wa mtsikana ndi siponji imene ndasoka ndi manja anga."

Achimwene anaimirira mwaukali, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola nthawi yaitali atakumbatira nsanamira ya khonde, mpaka mwana wanga anadzuka n'kuyamba kulira. Shehe anathira madzi m'kapu yawo yomwera n'kuwapatsa ndi manja awiri. Atamwa anakhalanso pansi, ndipo mawu awo anali atatsika, si aja a ku Joni.

"Inu simukudziwa. Ndinali ndi mkazi kumeneko. Wa kwathu konkuno, wa ku Mangochi. Ndinamuona akutha m'kachipinda ka malata, mpaka ndinkamunyamula ndi mkono umodzi popita naye kubafa. Atamwalira ndinakayezetsa. Mankhwala ndinamwa miyezi isanu ndi iwiri. Kenako anzanga amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi anaona botolo. Kuyambira tsiku limenelo kapu yanga inkakhala payokha pawindo. Ndinasiya. Ndinati bola kufa ndikudya ndi anthu."

Zimenezi ine ndinkazimva koyamba. Za mkaziyo kwathu sitinkadziwa, ngakhale dzina lake.

"Amayi akalamba," anapitiriza. "Akufuna aone ndakwatira. Inenso ndikufuna ndisiye mwana, ndisangopita ngati sindinakhaleko. Ndikamuuza Asiyatu, andikana. Akandikana, amalume ake afunsa chifukwa. Pofika Lachisanu mzikiti wonse udziwa, ndipo pamzere wa swala palibe amene adzafune kugundana nane phewa. Mukufuna zimenezo?"

"Sindikufuna," Shehe anatero. "Koma sindikunamizani kuti sizingachitike. Akhoza kukukanani. Ndi ufulu wake, ndipo akakana sanalakwe. Anthunso akhoza kulankhula. Ndakhala nawo zaka zambiri anthu a kuno, ndikuwadziwa. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: Lachisanu ndidzapempha wina atsogolere swala, ine ndidzaima pamzere, phewa langa litagunda lanu."

"Nanga ndikapanda kumuuza? Mukaulula inu?"

"Si nkhani yanga yoti ndiitulutse pamsika. Koma siponji sindiika, ndipo nikah imeneyo sindimangitsa. Amalume ake akadzandifunsa chifukwa, sindidzawanamiza. Ndidzati akafunse mkwati."

"Mashehe alipo ambiri. Matelala alipo ambiri. Uyo ali patsidya pa msewuyo adula nsaluyi theka la ola lisanathe, osandifunsa za swala."

"Alipodi, ndipo amasoka bwino. Jekete ndi yanu. Mukafuna nditseka mkatimu mmene munalili, mupite nayo."

Achimwene sanaitenge. Anangoyang'ana misoko itatu ija.

Pa nkhani imeneyi ine ndinalankhula kamodzi kokha, ndipo ndi pamenepa. Ndinati, "Achimwene, dzulo Asiyatu amandifunsa ngati mumakonda tiyi wa mkaka kapena wopanda mkaka. Amanditcha kale alamu. Ine ndinalephera kumuyang'ana."

"Khala chete iwe," anatero, koma osandiyang'ana, ndipo mawuwo analibe mphamvu.

Patapita kanthawi anakhudza nsalu yopindidwa ija ndi chala.

"N'chifukwa chiyani simunadule? Telala aliyense amadula."

"Kale ndinkadula," Shehe anatero. "Zaka zija maliro ankachitika tsiku ndi tsiku, munthu akabwera kawiri kudzabweza buluku, ndinkadziwa kuti kachitatu abwera ndi abale ake. Ndinkadula, poti panalibe chodikira. Mankhwala atabwera, tsiku lina kunafika bambo wina amene ndinamudulira jekete. Anali atanenepa, masaya atabwerera, akuyenda ngati msilikali. Anati, 'Shehe, ikulitseni, ndikufuna ndikavale pa ukwati wa mwana wanga.' Ndinatsegula mkati, munalibe nsalu. Ndinali nditamuweruza ndi sizasi kuti wafa, Allah asanatero. Anangoseka bamboyo, koma ine ndinachita manyazi aakulu. Kuyambira pamenepo sindidula. Ndimapinda n'kusita. Kumsana kumatupa, eni ake amadandaula ngati inu, ena amachita kunditukwana. Koma pakhonde lino ndamasulapo misoko ya anthu asanu ndi awiri. Maina awo simudzawamva kwa ine. Atatu mwa iwo anakwatira atanena zoona, ndinamangitsa ndine, ndipo ana awo anabadwa opanda kachilombo."

Anaimirira n'kutenga chinsalu chimene ankaphimbira makina.

"Achipatala amati munthu akamamwa mosadumphitsa, mkazi wake amatetezeka, ananso amatetezeka. Zimenezo akakufotokozerani okha bwino kuposa ine, telala. Ndikhoza kuphimba makinawa pompano tipite limodzi kuchipatala. Tikachoka uko tipite kwa Asiyatu. Ine ndikakhala panja pamthunzi, inu mukalankhule naye. Akavomera, nikah ikhoza kudikira miyezi ingapo. Akakana, ndidzakuperekezani pobwerera."

Achimwene anaweramitsa mutu. Kumsika kunali phokoso la masiku onse, njinga za kabaza zikuliza mabelu, koma pakhondepo ndinkamva kupuma kwawo kokha. Kenako anatambasula dzanja, anatenga sizasi yaikulu imene inali pathebulo, n'kuipereka kwa Shehe, chogwirira chili kutsogolo.

"Dulani, Shehe. Enawo anali ndi mwayi wawo. Ine ndachedwa, ndikudzimva ndekha. M'thupi lija sindidzabwereramo. Ingondipatsani tsiku limodzi loti ndioneke ngati munthu. Limodzi lokha. Zinazo adziwa ndi Allah."

Shehe analandira sizasiyo ndi manja awiri, anaiika m'dirowa, n'kutseka.

"Che Kasimu, mwana wanga," anatero, "nsalu imene ndimadula ndikudziwa kuti mwini wake sadzanenepanso ndi imodzi yokha. Ndi sanda, yokulungira maliro. Pamudzi pano wodula ndine, ndipo yanu palibe amene wandiitanira. Tsiku lake akulidziwa ndi Allah, osati inu, osati tepi yangayi. Koma tsiku limodzi mukupemphali ndikudziwa kumene limathera. Ndikakupatsani, ndidzadula sanda ziwiri. Yanu mudzakhala mutaisankha nokha. Yachiwiriyo ndi ya Asiyatu, mwana amene ndinamuphunzitsa kuswali ali wamfupi kuposa thebuloli, ndipo iyeyo palibe amene wamufunsa. Imeneyo ndiye sindidula. Dzukani, tizipita."